Chule wa Cleavon ndi Msana wa Idella

Cleavon Gadsden anali ndi galimoto ya mpikisano, ndipo kupatula galimotoyo analibe kanthu. Nyumba imene ankakhalamo ndi mkazi wake Idella inali yamatabwa, yodontha, kumapeto kwa msewu wafumbi wa m'mapaini a ku South Carolina. Mkati mwa sabata iye ankasenza matabwa kocheka mitengo, Idella n'kumakatumbula nkhuku kufakitale, chiimirire tsiku lonse m'chipinda chozizira. Lamlungu mapemphero akangotha, Cleavon ankavula taye n'kukoka galimotoyo, Nova yake yakale, ulendo wa kubwalo la mpikisano, kumene ankakadyetsa maso pa chuma cha Roscoe Fludd.

Roscoe anali ndi ngolo yaitali yonyamulira galimoto, mkati muli firiji. Anali ndi unyolo wagolide m'khosi ndi gulu la amuna oyamba kuseka iye asanamalize nthabwala. Zonsezi anazipeza pobetcha, poti pabwalo paja galimoto zimathamanga ziwiriziwiri pa kamtunda kakafupi kowongoka, ndipo wopambana amachoka matumba atatupa. Cleavon akamuona, m'kamwa munkamuwawa. Nsanje inamuwondetsa kuposa njala.

Vuto lake linali poyambira. Injini anaikamo yamphamvu kuposa mmene kumbuyo kwa galimotoyo kukanapirira. Akangoponda moto, ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala, inkapotokola masipuling'i akumbuyo, aja a zitsulo zosanjikizana, iwo n'kupindika, n'kubwerera mwaukali, matayala n'kumadumpha gu! gu! gu! m'malo mogwira phula. Mnzake ankakhala atafika kale, iye akudumphabe. Pabwalo ponse galimotoyo inkadziwika kuti Chule.

"Abale, patukani, Chule wafika!" anakuwa Roscoe Lamlungu lina. "Cleavon mphwanga, ubwere nayo kwathu, kuli dziwe. Ikaikire mazira."

Anthu anaseka mpaka ena kugwetsa mbale za nthiti zowotcha.

"Ndiye inu mlamu," Roscoe anatembenukira kwa Idella, "mumadetseranji diresi la kutchalitchi mu utsi umenewu? Mugulireni njinga mwamunayu."

"Roscoe, pakamwa pakopo pakanakhala matayala bwenzi uli ku Florida pano," anayankha Idella, n'kupita kukaima pamalo pake.

Malo akewo anali kutsogolo kwa galimoto. Mpikisano usanayambe woyendetsa amazungulitsa matayala mpaka utsi tolo, n'kusiya mizere iwiri yakuda yomata, kenako amabwerera chambuyo kuti aponde ndendende m'mizere yomweyo. Ali m'chipewa cholimba, womangidwa malamba, kumbuyo saona. Ndiye pamakhala munthu woima kutsogolo womulozera ndi manja. Ntchito imeneyi sapatsa munthu wamba. Kwa Cleavon anali Idella, kuyambira ali pachibwenzi, ndipo sanajombepo.

Mankhwala a galimoto yodumpha aliyense ankawadziwa: zitsulo ziwiri zomangirira pansi pa masipuling'i kuti asamapindike. Wogulitsa zipangizo m'tauni anamuonetsa Cleavon zamitundu iwiri. Zotchipa zinali ndi labala kumapeto, wogunda sipuling'i ikafuna kukhota. Zodula zinali zosinthira, zomangitsa kapena kumasula mbali iliyonse payokha.

"Zilizonse mungatenge, achimwene, si zongomanga n'kupambana ayi," anatero wogulitsayo. "Mudzagona pansi pa galimoto miyezi, kusintha pang'ono, kukayesa, kubwerera, kusinthanso."

"Tenga zotchipazo," anatero Idella atamva. "Tiphunzira pang'onopang'ono. Tikuthamangira kuti?"

"Pang'onopang'ono ndiye kuti ndizidzasekedwabe chaka chamawa," anatero Cleavon. Sanagule chilichonse. Anali atamva kale kuntchito za mkulu wina wa kudambo dzina lake Simuel, amene anthu ankamutcha Dokotala, ngakhale kuti pachipatala sanaponderepo.

Anapitako masana, dzuwa lili paliwombo. Pabwalo la mkuluyo panali mafiriji akufa, mabotolo, ndi madzi obiriwira odikha m'matayala akale. Fungo linamulandira asanatsike m'galimoto. Simuel anali pakhonde, akudya mtedza wophika n'kumalavulira makoko pamapazi pake pomwe.

"Ndiwe wa Chule uja," anatero asanamulonjere. "Wachedwa. Nsanje yako inayamba kununkha kuno kalekale."

"Adokotala, ndikufuna galimoto yanga izigwira pansi."

"Ayi. Ukufuna unyolo wa Roscoe. Nena zoona, pano si patchalitchi."

Anadzuka, natsegula firiji ina yogona chagada. Munali madzi akuda oyandama mafuta. Anapisamo mkono mpaka m'chigongono, n'kutulutsa zitsulo zinayi zamphako, n'kuziponya pansi ziwiriziwiri.

"Kupindika kuja sikutha, mwana wanga," anatero Simuel. "Kumangosamuka. Ukakuletsa pa sipuling'i, kumafuna msana wina wokakhalapo. Izi zazifupizi zimatenga pa msana wa woyendetsa. Uzipambana apo ndi apo, uzidzuka m'mawa ukubuula, ukalamba msanga. Izi zazitalizi sizigonja kwa munthu aliyense."

"Nanga zimatenga pa ndani?"

"Amakuimira kutsogolo ndani?"

Ntchentche inatera pamlomo wa mkuluyo, iye osaiingitsa.

"Ndikhoza kulemba munthu waganyu," anatero Cleavon.

"Waganyu zimamulavula, galimoto n'kudumpha ngati kale. Zimafuna munthu woima pamenepo chifukwa amakukonda. Wotereyo ndiye wokoma."

"Afa?"

"Ndani wanena za imfa? Msana uli ndi mafupa ambiri. Zimadya limodzilimodzi, mwaulemu." Simuel anaseka, mano ali ndi makoko a mtedza. "Ungondibweretsera nsalu yomwa thukuta lake. Usamuuze. Ndipo tsiku limene kutsogolo kudzakhale kopanda munthu, uzimitse injini. Zikasowa wa kutsogolo zimadya amene ali pafupi."

Munthu wanzeru akanalavula pansi n'kubwerera kwawo. Munthu wadyera koma wokhala ndi kachifundo akanatola zazifupi zija. Cleavon anaima, anayang'ana uku, anayang'ana uko, n'kuloza zazitali ndi nsonga ya nsapato, ngati kuti kuloza ndi phazi kumachepetsa tchimo. M'mawa mwake anaba mpango wachikasu umene Idella ankamanga kumutu kufakitale. Simuel anaung'amba pakati, anaunyika m'madzi a m'firiji muja, n'kuukankhira m'mphako za zitsulozo pamodzi ndi zinthu zina zofewa zimene Cleavon sanafune kuziyang'ana. Kumapeto anasiya kabowo. Anati zizipumira.

Lamlungu lotsatira Idella anaima kutsogolo monga mwa masiku onse, anamulozera mpaka matayala atakhala m'mizere, n'kupatuka. Nyali yoyambitsa mpikisano itayaka, Chule sanadumphe. Anakhala pansi kumbuyo, mphuno m'mwamba, n'kuchoka ngati mwala wa pa legeni. Bwalo lonse linati zii, kenako chiphokoso. Pa nthawi yomweyo Idella anati "Mayo!" n'kugwira m'chiuno. Anaganiza kuti watsindika phazi molakwika ndi nsapato zazitali.

Chuma chinabwera monga analonjezera Simuel. Cleavon anasiya ntchito ya matabwa. Anagula nyumba yanjerwa, ngolo yaitali kuposa ya Roscoe, ndi unyolo wonenepa umene unkamusiyira mzere wobiriwira m'khosi. Amuna amene ankasekera nthabwala za Roscoe anasamukira kwa iye. Poona kuti galimoto ikugwira pansi chilichonse chimene aipatsa, anaikamo injini yaikulu, kenako ina yoposa pamenepo, kenako mabotolo a mpweya wowonjezera mphamvu. Anthu a mpikisano ndi otero. Mphamvu siziwakwana.

Koma galimotoyo inayamba kununkha. M'timabowo tija munkadontha madzi okhuthala, ndipo paliponse pamene yaima pankasonkhana ntchentche zobiriwira. Agalu ankabwera kudzanyambita pansi, n'kupita kukasanza patchire. Cleavon ankauza anthu kuti ndi mafuta atsopano a m'magiya. Loweruka lililonse ankalowa pansi pake yekha, atamanga nsalu pamphuno, n'kumachotsa mphutsi ndi kamtengo. Akatuluka ankasamba m'manja n'kukadya nkhuku yokazinga bwinobwino, mpaka kunyambita zala.

Idella anayamba kuyenda atagwira khoma. Kufakitale anamuuza kuti apume, ndipo sanabwererekonso. Madokotala anamujambula kangapo, n'kumayang'anizana, poti msanawo unali kukhota mbali ziwiri ndipo chifukwa chake sichinkaoneka. Chaka chisanathe anali atapindika moti pofuna kuona nkhope ya munthu ankayenera kupendeketsa mutu. Pamsana panatuluka zilonda zosapola.

"Mlamu, mkaziyu asiye zopita kubwalo," anatero Vernice, mkulu wake wa Idella, amene anasamukira m'nyumbamo kudzamusamalira. "Chigwedezo cha injini zija chikumupha. Lolemba lililonse amadzuka woipirapo."

Cleavon anayesadi kamodzi. Analipira mtsikana wina wa pabwalopo kuti amulozere. Chule anadumpha gu! gu! gu! ngati kale, Roscoe n'kuseka mpaka kukhala pansi. Madzulo ake Cleavon anagwada pambali pa bedi la mkazi wake, misozi ili chuchuchu. Misozi yeniyeni, poti munthu wadyera amalira ndithu akaluza.

"Idella wanga, waona? Popanda iwe sindili kanthu. Ndiwe mwayi wanga."

Idella anamusisita mutu. "Usalire. Ndigulire njinga ya olumala, ndizikulozera nditakhala."

Anamuguliradi, yodula, yonyezimira. Lamlungu lililonse ankamukankha yekha mpaka kutsogolo kwa galimoto, n'kumupsompsona pachipumi anthu akuona. Amayi a pabwalopo ankagwira pamtima n'kumauza amuna awo kuti aphunzireko chikondi. Pa zonyansa zonse za m'nkhani ino, kuposa mphutsi, kuposa madzi a m'firiji, chonyansa kwambiri chinali chipsompsono chimenecho.

Kenako Roscoe, amene chuma chake chinali chitatsala pang'ono kutheratu, anaitanitsa mpikisano womaliza. Wopambana adzatenge zonse za mnzake: galimoto, ngolo, nyumba. Anagwirana chanza pamaso pa anthu, ndipo pabwalo paja chanza chotero sichibwezedwa.

Loweruka lake Cleavon anakweza galimoto pa jeke pabwalo la nyumba, n'kupita m'tauni kukadzazitsa mabotolo a mpweya aja. Vernice anatulutsa Idella kuti awothere dzuwa. Munthu woima sakanaona chilichonse. Koma Idella nkhope yake tsopano inkakhala yoyang'ana pansi, ndipo maso ake anagwera pansi pa galimotoyo. Pakabowo ka chitsulo china pankalendewera kansalu kovunda, kakudontha. Kumphepete kwake kunatsala kachikasu, ndi ulusi wofiira umene iye mwini anasokerera ndi manja ake.

"Achemwali, tandisendezani pafupi."

"Kukununkha kumeneko, iwe."

"Ndikudziwa. Fungo limeneli simukulidziwa? Si lomwe mumandipukuta pamsana m'mawa uliwonse?"

Vernice anawerama, anakoka kansaluko ndi kamtengo, n'kuthamangira kuseri kwa nyumba kukasanza. Anabwerera atapsa mtima koopsa.

"Ndikuwotcha chigalimoto chimenechi pompano! Ndipo iyeyo akabwera ndimuthira mafuta otentha!"

"Ayi," anatero Idella. Sanalire. "Bwezerani kansaluko mmene kanalili. Mawa mundiveke diresi loyera lija."

Lamlungu bwalo linadzaza mpaka anthu kukwera pamadenga a galimoto zawo. Dzuwa linkaotcha, phula n'kumamata nsapato. Cleavon anamukankha mkazi wake mpaka pamalo pake, anamupsompsona, n'kulowa m'galimoto. Anazungulitsa matayala, utsi tolo, n'kudutsa pambali pa njingayo. Vernice anaikankhira kutsogolo kwa galimoto monga ankachitira. Cleavon anaika giya yobwerera, n'kudikira manja a Idella.

Manjawo sanakwere. Idella anawapinda pamiyendo. Anapendeketsa mutu mpaka diso lake litakumana ndi la mwamuna wake kudzera pagalasi.

"Idella! Lozera!" anakuwa Cleavon atatsegula chitseko.

"Mpango wanga wachikasu uja ndinaupeza, Cleavon."

Injini inali kubangula, koma mawuwo anawamva.

"Kamodzi kokha," anatero Cleavon. "Lero lokha, mkazi wanga. Mawa ndizichotsa, ndikulumbira. Ndikupititsa kwa madokotala a ku Atlanta."

"Achemwali, tiyeni. Kwatentha."

Vernice analavula pa boneti, n'kuitembenuza njingayo. Anthu anapatuka kuti adutse, osamvetsa chimene chachitika.

"Bwanji mphwanga, mayi akukaniza?" anakuwa Roscoe ali m'galimoto mwake. "Ukuthamanga kapena ukundipatsa makiyi a nyumba?"

Bambo wina wachifundo wa m'gulumo anathamangira kutsogolo, manja m'mwamba, kuti amulozere. Cleavon anamuyang'ana. Akamulola, galimoto idumpha, zonse zipita kwa Roscoe, iye abwerera kukasenza matabwa ali ndi msana wake wabwinobwino. Akazimitsa injini, chimodzimodzi. Ndiye anakumbukira tsiku loyamba lija, Idella atangoti "Mayo!" n'kugwira m'chiuno, madzulo ake n'kuphika chakudya. Kafupa kamodzi, anaganiza choncho. Kafupa kamodzi ndingapirire.

"Chokanipo!" anakuwa. "Chokanipo, ndibwerera ndekha!"

Anaiwala kuti tsiku loyamba lija galimotoyo inali ndi kainjini kake kakale. Mphamvu zonse zimene anakhala akuwonjezera mwezi ndi mwezi sanazimvepo m'thupi mwake, poti wozisenza anali wina.

Anabwerera, anaima pamzere, nyali inayaka. Chule anagwira pansi kuposa tsiku lina lililonse. Amene anali pafupi amati kupatula kulira kwa injini anamva phokoso lina, ngati munthu akuthyola nkhuni zouma motsatizana. Galimotoyo inawongoka yokha, inamusiya Roscoe kutali, inadutsa pomalizira, n'kukaima mumchenga wa kumapeto.

Anthu anathamangira komweko akukuwa ndi chimwemwe. Woyamba kutsegula chitseko anabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa. Cleavon anali moyo. Miyendo inali pamalo pake, koma chifuwa chinali chitatembenukira kuchitseko, mutu utagwera paphewa. Anali atadziipitsira, ndipo fungo lake linasakanikirana ndi la zitsulo zija, zimene zinali zitang'ambika n'kukhuthulira zonse zinali mkati pamchenga, zikuyendayenda. Kuti amutulutse anachita kudula mpando.

Anapambana ndithu, ndipo Roscoe anapereka zonse monga mwa chanza chija. Zinathera kuchipatala pamodzi ndi nyumba yanjerwa, ngolo ndi unyolo. Galimotoyo panalibe woifuna ngakhale yaulere. Lero Cleavon ali m'nyumba yosungira odwala, agona chammbali kuyang'ana khoma, ndipo anamwino amachita kukankhizana pofuna kukamusintha thewera. Akamva galimoto ikulira pamsewu amakuwa kuti wina amulozere.

Msana wa Idella sunawongoke. Zilonda zinapola, koma zimene zinadyedwa zinadyedwa. Amakhala kwa Vernice, ndipo Lamlungu amamukankhira kutchalitchi. Abusa anamupempha tsiku lina kuti akamuone mwamuna wake, poti akumuitana usana ndi usiku.

"Abusa," anatero Idella atapendeketsa mutu, "munthu ameneyo ndinamuimira kutsogolo mokwanira."

Dyera ndi lonyansa chonchi, abale. Silidya adani ako kapena anthu odutsa, limayamba ndi amene amakukonda, chifukwa ndi yekhayo amene amaima pafupi osakukayikira. Chuma chimene chikufuna kuti upereke munthu wako chisiye pomwe wachipezapo, ubwerere ku umphawi wako ndi manja oyera. Ukachitola, tsiku limene wokusenzerayo adzachoke, katundu yense udzamusenza wekha nthawi imodzi.